Tinaitana gulu la zisudzo ku Chiputula kudzakamba za katundu wamasiye, nayi mmene zinayendera

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ine za madrama ndinalibe nazo chikhulupiriro olo pang'ono. Kwa ine drama inali ija ya pa misonkhano, mwamuna wavala siketi ndi mpango, waika mapilo kumbuyo, anthu nkuseka mpaka misozi, kenako mlendo wolemekezeka nkuyankhula ola lathunthu, Fanta kwa a patebulo lakutsogolo, basi aliyense kwawo. Nde pamene mayi wina wa mu banki m'khonde yathu anabweretsa maganizo oti tiitane achinyamata ena a konkuno ku Mzuzu amene amachita zisudzo zoti oonera nawonso amalowa m'bwalo nkumasewera nawo, ine monga msungichuma ndinali woyamba kukana, ndinati ndalama ya ngozi ija timasonkha ndi ya maliro ndi matenda osati yolipira anthu oti azidzatiseketsa. Anandigonjetsa pa mavoti. Lero ndikulemba izi nditasintha maganizo, koma osati kwathunthu, ndipo zimene zinandinyansa ndizinena zonse chifukwa mwina ena mukuganiza zowaitana ku mpingo kapena kudera kwanu.

Chomwe chinatipangitsa nchakuti m'chaka chimodzi amayi awiri a mu gulu lathu anaferedwa amuna, ndipo onse awiri zinawachitikira zofanana. Maliro asanathe nkomwe, abale a kuchimuna afika ndi lole, matilesi, sofa, firiji, njinga, zonse ulendo kumudzi. Mmodzi anamusiyira mphasa ndi mapoto awiri. Ine kwathu ndi ku Dedza, kwa chikamwini, ndinakwatiwa kuno ndipo ndakhala zaka zoposa 15, za malowolo ndimazilemekeza ndipo apongozi anga ndi anthu abwino kwambiri, koma pali anthu amene amabisala m'mawu oti "tinalowola" pofuna kuba basi. Timati tikayamba kukamba nkhaniyi pa banki amayi amangolira, tikaitana abambo ku msonkhano sabwera, akabwera amakhala kumbuyo manja ali m'matumba. Nde tinati tiyese njira ina.

Mtsogoleri wa gululo, mnyamata wa zaka mwina 28, anabwera kunyumba kwanga kudzakambirana mtengo ndipo m'malo moti tingomvana ndalama anandipatsa phunziro lathunthu kkkk. Akuti zimene amachitazo anaziyambitsa bambo wina wa ku Brazil dzina lake Augusto Boal, amene boma la asilikali la kwawo linamumanga mu 1971 kenako nkuthawira kunja, ndipo mfundo yake inali yoti munthu wovutika asamangokhala pansi kuonerera ena akusewera mavuto ake, adzuke akayese yekha njira yotulukira. Anandiuzanso kankhani kamene Boal mwini wake ankakonda kufotokoza, koti ali ku Peru mayi wina woonera anapsa mtima chifukwa osewera samachita bwino zimene iye amawauza zokhudza mwamuna wachinyengo, mpaka anamuuza kuti bwerani mudzachite nokha, ndipo mayiyo anakwera nkumusambitsa chokweza mwamuna wa m'seweroyo. Ine ndinati achimwene, amayi a ku Chiputula mukawapatsa mpata umenewo wina atuluka magazi. Anaseka, koma tsiku lake zinatsala pang'ono kuchitikadi.

Chimene sindimadziwa, ndipo chinandikhudza, nchakuti kuno kwathu zimenezi si zachilendo. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, nthawi ya a Chris Kamlongera ndi David Kerr, linafika ku Mbalachanda ku Mzimba konkuno mu 1981 kukachita zisudzo ndi anthu akumudzi, kenako anachita zambiri cha ku Liwonde pa nkhani za umoyo. Tangoganizani, nthawi ya chipani chimodzi imeneyo, pamene kudandaula za chitsime chakufa kumatha kukuika m'mavuto, anthu amapeza poyankhulira kudzera m'sewero. Masiku ano kuli mabungwe ngati CRECCOM ku Zomba, Theatre for a Change ku Lilongwe, Nanzikambe, onsewo amagwiritsa ntchito njira zofananako. Anyamata athuwa si a mabungwe amenewo, ndi odziyimira okha, ena anaphunzirako m'mawekishopu ena anangotengera kwa anzawo.

Mtengo sinditchula chifukwa anati umasintha kutengera mtunda ndi masiku, koma dziwani kuti mumalipira zinthu zitatu, thiransipoti, kangachepe ka aliyense wosewera, ndi chakudya. Anali anthu 9. Sipika ndi jenereta amabwereka kwina ndipo mafuta ndi anu. Tinanenerera mpaka anatsitsa ndithu, ndipo risiti anapereka, zimene ine monga wosunga buku ndinayamikira chifukwa amayi a banki pa nkhani ya ndalama sakhululuka.

Asanachite seweroli anabwera masiku awiri kudzayenda m'makomo. Apa ndipomwe ndinayamba kuona kuti si drama ija ndinazolowera. Amayenda awiriawiri, opanda mapepala m'manja, kukhala pakhonde, kuthandiza kusenda nyemba, kucheza ndi azibambo pa bawo, akabaza pa siteji, agogo, ngakhale abulokulida anawayendera kaye kukapereka ulemu. Madzulo amakumana m'kalasi nkumalumikiza zimene amva. Sewero analipanga kuchokera m'zimenezo, analibe lolembalemba lochokera nalo kwawo. Ubwino wake ndi womwewo ndipo vuto lalikulu linachokeranso pomwepo, ndifika.

Tsiku lake linali Loweruka, kunja kuli kamvula kaja ka Mzuzu kosagwa kosaleka, chifunga mpaka 10 koloko, aliyense ali mu juzi ndi chitenje chofunda. Tinagwirizana 1 koloko. Iwo anafika cha m'ma 2:30. Akuti minibasi, akuti jenereta mwini wake anapita nayo ku ukwati. Amfumu ndi abulokulida anali atakhala pa mipando kuyambira 12:45 ndipo ine ndi amene ndimapita kukapepesa mphindi 20 zilizonse, manyazi ake sindidzaiwala. Pa kusunga nthawi ndiwapatsa ziro, palibe kunyengerera. Sipikanso itafika imangolira ngati ng'ombe yodwala, maikolofoni imodzi yokha ndi imene imagwira, mpaka anangozimitsa zonse nkuuza anthu kuti asendere pafupi apange bwalo. Zinakhala bwino kuposa, mwakuti ndikanadziwa ndalama ya mafuta ija sitikanaononga.

Anayamba ndi ng'oma ndi nyimbo, kuvina pang'ono, ana anathamangira, amayi ogulitsa zitumbuwa anasamutsira mabeseni awo pafupi, ndipo azibambo aja amene sabwera ku misonkhano anayamba kuima chapatali ngati akungodutsa. Sindinawerenge koma bwalo linadzaza mizere inayi isanu, ena pa chulu ena pa mpanda wa njerwa.

Sewero lenilenilo ndi lalifupi, mwina mphindi 20. Bambo wina kalipentala wamwalira mwadzidzidzi. Mkazi wake, amene m'seweromo amangomutchula kuti Nyauyu, watsala ndi ana atatu. Mkulu wake wa malemu wafika kuchokera kumudzi ndi mlongo wawo, ayamba ndi mawu okoma, mlamu musadandaule ife tilipo, kenako afunsa makiyi, kenako buku la ku banki, kenako mlongo uja ayamba kunong'ona kuti imfa imeneyi si yabwinobwino, munthu wadzuka wamoyo nkufa madzulo bwanji, ndipo mayi ake a mkaziyu amene amakhala pakhomopo maso awo ofiirawo mwawaona? Mmene sewero likufika kumapeto katundu ali panja, agogo aja akuwakuwiza kuti mfiti, mwana wamkulu wasiya sukulu, ndipo mkazi uja wangokhala pansi wagwira kumutu. Nkuthera pompo. Popanda wapolisi wobwera kudzapulumutsa, popanda m'busa, popanda chilichonse. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti aaa nde chiyani chimenechi, yatha?

Apa ndipomwe analowa mtsikana amene iwo amamutchula kuti joka, ndiye kuti wotsogolera zokambirana pakati pa osewera ndi oonera. Ameneyu ndi amene ndalama yathu inagwirira ntchito, ndikunena mosabisa. Wamfupi, mawu ake si okwera, amasintha Chichewa ndi Chitumbuka pakati pa chiganizo osapunthwa. Anafunsa kuti, "Amama, adada, zimene mwaonazi zimachitika kapena tapeka?" Anthu, zimachitikaaa. "Zathera bwino?" Ayiii. "Nde tibwerezanso kuyambira poyamba. Pamene mukuona kuti apa mayiyu akanachita mwina, mukuwe kuti imani, mubwere mutenge mpango wake, muyese inuyo." Lamulo lake ndi loti umalowa m'malo mwa amene akuzunzidwa kapena wina woima pambali, sungalowe m'malo mwa wankhanzayo nkumusandutsa mngelo, chifukwa m'moyo weniweni mlamu wolanda katundu sasintha mtima poti iwe wafuna.

Woyamba kulowa anali mayi wina wogulitsa tomato ku Zigwagwa, thupi lake ndi mawu ake zofanana. Atangomanga mpango anatola mthiko umene unali pa zipangizo za seweropo nkuyamba kuthamangitsa mlamu uja kuzungulira bwalo, anthu kufa nako kuseka, mnyamata wosewerayo anachita kudumpha benchi. Ine ndinati Peru ija yafika. Koma joka sanalole kuti zithere m'phwete. Anadikira anthu atonthole nkufunsa, "Chabwino wathawa. Mawa abwera ndi anthu angati?" Bambo wina kumbuyo anati abwera ndi mudzi wonse, ndipo anena kuti mwaona, si tinanena kuti mkaziyu ndi wolusa, ndi amene wapha. Mayi wa tomato anavula mpango akupukusa mutu, anati zoona.

Wachiwiri anayesa kuchonderera, kugwada, kulira. Mnyamata wosewera mlamu uja ndimupatse ulemu wake, amadziwa ntchito, sanafewe olo pang'ono, amangoti "mlamu dzukani, ife sitikulanda, tikusunga za ana." Mawu amenewo atatuluka amayi angapo anakuwa nthawi imodzi chifukwa ndi mawu enieni amene amanenedwa. Wachitatu anali mnyamata wa sekondale amene analowa ngati mwana wamkulu nkuyamba kujambula katundu yense pa foni, kuwerenga mokweza chimodzichimodzi, mlamu uja anaoneka kuti wasokonezeka pang'ono ndipo anthu anaombera m'manja. Wina anati aitane abulokulida, ndipo abulokulida athu enieni anawakokera m'bwalo, anayankhula bwino ndithu za kudikira mwambo uthe ndi kukhala pansi mbali zonse ziwiri, koma mayi wina anawaponyera funso kuchokera m'gulu kuti nanga tsiku lija lole inabwera usiku munali kuti? Kunangoti zii. Iwo anati foni inali pa chaji. Sindinenapo zambiri.

Koma chimene chandipangitsa kulemba zonsezi ndi bambo wina wachikulire, wa jekete la bulauni ndi chipewa choluka, amene anaima kumbuyo nthawi yonseyi osaseka. Pa ulendo wachinayi kapena wachisanu, pamene mlamu amanyamula matilesi, iye anati imani, osakuwa, mwakuti joka anachita kufunsa kuti wanena ndani. Analowa pang'onopang'ono. Anati iye safuna mpango, alowa ngati m'bale wa kuchimuna komweko, bambo wamng'ono wa malemu. Anaima kutsogolo kwa mlamu uja nkumufunsa mu Chitumbuka, "Ŵana aŵa mba njani?" ana awa ndi a ndani. Mlamu anati ndi athu, tinalowola. Bambo uja anati, nde ngati ndi athu, usiku uno agona pati? Matilesi ukupita nawo kumudzi, ana athu agona pa simenti ya Mzuzu mwezi wa June? Anati malowolo amatanthauza kuti ana ndi mayi awo ndi katundu wathu woti timusenze, osati katundu wawo ndi wathu woti tinyamule. Mnyamata wosewera uja, amene anayankha aliyense tsiku lonse, anatsegula pakamwa nkutseka. Anayesa kunena za buku la ku banki, bamboyo anangoti khazika pansi matilesiwo kaye. Ndipo anawakhazika. Sindikudziwa ngati anawakhazika monga wosewera kapena monga mwana amene wadzudzulidwa ndi wamkulu, ndikuganiza kuti nayenso samadziwa.

Ine ndakhala ndikumva za maufulu pa wailesi kuyambira 1994, ndipo azibambo ambiri kuno akangomva mawu oti ufulu kapena jenda amatseka makutu, amati za mabungwe, za azungu, zoononga chikhalidwe. Tsiku limenelo mfundo yomweyo inatuluka m'kamwa mwa munthu wawo, m'chiyankhulo chawo, kuchokera m'mwambo wawo womwe, ndipo azibambo amene anaima chapatali aja ndinawaona akugwedeza mitu. Palibe pepala kapena tisheti imene ikanachita zimenezo.

Za malamulo anabwera ndi mayi wina wodziwa za malamulo amene anayankhula mphindi 10 zokha kumapeto, ndipo anachita bwino kusatalikitsa. Anati pali lamulo la 2011 la chuma cha masiye, Deceased Estates Act, limene limati munthu akamwalira osasiya wilu oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi amene amadalira malemuyo, ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye, ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu woti munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 10. Apa ndinamva bambo wina akuti haa, teni? Anatinso kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo lakale la 1911 limene likugwirabe ntchito, ndipo anakumbutsa za kanema uja anazungulira m'mafoni kumapeto kwa 2022 wa agogo awiri a ku Mzimba akuwazunza pa manda, anthu ambiri anamuona ndipo palibe anaseka. Anatchula kopita, Victim Support Unit ku polisi, Legal Aid Bureau imene ili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu kwa amene sangakwanitse loya, ofesi ya DC, ndi nambala ya 116 pa nkhani za ana. Chomwe ndinadandaula nchakuti analibe kapepala olo kamodzi kosiyira anthu, amayi amachita kubwerekana bolopeni kulemba pa dzanja.

Tsopano zonyansa.

Choyamba ndi chachikulu. Paja ndati anayenda m'makomo. M'sewero muja, pa katundu amene mlamu amatulutsa panali makina osokera, ndipo mkazi uja amalira kuti makinawa ndinagula ndekha ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Abale anga, dera lonse likudziwa kuti ndi ndani analandidwa makina osokera ogula ndi ngongole ya banki m'khonde. Mitu yonse inatembenukira kwa mayi mmodzi amene anakhala pafupi ndi ine. Anaweramitsa nkhope, anakoka chitenje kuphimba kumutu, ndipo dzanja lake limanjenjemera pa bondo langa. Choipa kwambiri nchakuti mlamu wake wamkazi, amene amakhala konkuno, analiponso mbali ina ya bwalo. Mayiyu anawafotokozera nkhani yake pakhonde pake powakhulupirira, anamuuza kuti mayina sadzatchulidwa, ndipo zoona dzina silinatchulidwe, koma makina aja anali dzina. Nditamufunsa mtsogoleri uja pambuyo pake anati amafuna kuti sewero likhale loona. Ndinamuuza kuti mukanasintha kukhala wilibala kapena mbaula yowotchera tchipisi choonadi chake chikanachepa pati? Anapepesa, ndipo anapitadi kukapepesa kwa mayiyo mawa lake, izi ndimuyamikire, koma madzi anali atatayika kale. Ngati muwaitana, uzani komiti yanu ione sewero kaye kuseri lisanapite pagulu. Ife sitinaganize zimenezo.

Chachiwiri, mathero. Pambuyo pa zonse zija, bambo wa jekete atatontholetsa bwalo, nthawi inali itatha chifukwa cha kuchedwa kwawo komwe, mdima ukuyamba, nde anathamangitsa zinthu. Mwadzidzidzi mlamu wa m'sewero wagwada, wapepesa, mkazi wamasiye wamukhululukira, agogo amene amanenedwa ufiti akumbatirana ndi amene amawagenda, ng'oma, nyimbo ya chikondi ndi umodzi, nkuuza anthu onse kuti aliyense agwire dzanja la mnzake. Ine zinandiwawa. Mphindi 30 zapitazo mwationetsa kuti nkhaniyi ndi yolimba, anthu asanu ayesa alephera, nde mukuimaliza ngati filimu? Agogo amene mwawatchula mfiti pamaso pa adzukulu awo sakumbatira munthu tsiku lomwelo. Ndipo mayi wa makina uja amayenera kugwira dzanja la ndani? Ananyamuka nyimbo isanathe.

Kuyanjana kwa changu kotereku ife a Mzuzu timakudziwa bwino. Pa 20 ndi 21 July 2011 anthu 20 anafa m'dziko muno pa zionetsero ndipo ambiri mwa iwo anali a mumzinda uno, ena agona ku Zolozolo uko, timadutsa pafupi tikamapita ku maliro ena. Chaka ndi chaka pamakhala mapemphero, nkhata, mawu okoma oti tikhululukirane tipite chitsogolo, koma kafunseni mabanja awo ngati mtima unagwa. Dziko lili ndi ndondomeko ya mtendere ya 2017, lili ndi lamulo la 2022 limene linakhazikitsa komishoni ya mtendere ndi umodzi, zonsezo nzabwino, koma pansi pano munthu amafuna amve kaye wolakwayo akutchula chimene analakwa, ndipo chimene chinatengedwa chibwerere. Kwathu ku Dedza ankhoswe sayamba ndi kugwiranitsa manja, amayamba ndi kufunsa kuti mbuzi ija ili kuti. Anyamatawa mbali ya ufulu aigwira bwino kwambiri, mbali ya kuyanjanitsa akadali ana. Ndinawauza kuti bola akanasiya pamene matilesi anakhazikidwa pansi, anthu apite kwawo nalo funso.

Chachitatu ndi zithunzi. Mmodzi wa iwo ntchito yake inali kujambula basi, foni kumaso kwa anthu, ngakhale pamene mayi wina amafotokoza zake akulira. Sanapemphe. Akuti ndi za lipoti kuti apeze othandiza. Ndikumvetsa kuti nawonso akusaka, koma misozi ya munthu si yofunsira thandizo popanda chilolezo chake. Tinawauza afufute ndipo anafufuta ife tikuona, komabe siziyenera kuchita kufika poti msungichuma wa banki m'khonde ndi amene akuphunzitsa anthu a maufulu za ufulu.

Pali tina ting'onoting'ono. Mnyamata amene amasewera chidakwa cha pamaliro amapitirira muyeso, nthabwala zake zina zinali zotukwana pamaso pa apongozi ndi ana, ndipo amabera sewero pamalo pofunika anthu amve. Chiyankhulo anayesetsa kusakaniza koma mbali ya agogo inali Chitumbuka chakuya chokhachokha, amayi ena ochokera kumwera amene angobwera kumene amangofunsa kuti akuti chani, pomwe mayi wa malamulo uja anayankhula Chichewa chodzaza ndi Chingerezi mwakuti agogo enieniwo sanatolepo kanthu. Joka akanamasulira mbali zonse ziwiri zikanatheka, luso ali nalo. Ndipo achinyamata ndi amene amalowa kwambiri m'bwalo, amayi amasiye enieni, amene tinapangira zonsezi, palibe olo mmodzi analowa. Mwina pagulu lotere sangalowe. Mwina pamafunika tsiku lina la iwo okha m'chipinda chotseka, ndipo ndikanakonda gululo likanatiuza zimenezo poyamba pomwe pokambirana mtengo.

Analonjeza kubweranso pakatha mwezi kudzaona ngati mfundo zimene anthu anagwirizana zikutsatidwa, monga yoti pakagwa maliro abulokulida ndi anthu awiri a mbali iliyonse azilemba katundu yense tsiku lomwelo ndipo pasatuluke kanthu mpaka akhale pansi. Mwezi unatha, wachiwiri ukutha. Ndikaimba amati tikubwera amama, thiransipoti. Kulemba katunduko tayamba tokha, pa maliro awiri apitawa kope linayenda ndipo palibe lole inabwera, ngakhale sindinganene kuti ndi chifukwa cha sewero lokha, mwina mabanjawo anali abwino kale. Azibambo atatu anafunsa za kalembedwe ka wilu, mmodzi ndi wanga yemwe, amene kale ndikangotchula amati ukufuna kundipha eti.

Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zitatu ndi theka. Joka yekha zisanu. Wosewera mlamu zisanu. Nthawi, zithunzi ndi makina aja ndi zimene zadya zinazo. Kuwaitananso tiwaitana, pali nkhani ya malire a mapuloti imene yatsala pang'ono kuphetsa anthu kumtunda kuno, koma ulendo uno tilemba pepala: afike 12 koloko, sipika asabweretse, sewero tilione kaye anthu atatu, foni m'thumba, ndipo theka la ndalama adzalandira akadzabwera ulendo wachiwiri.

Za mayi wa makina. Anakhala masabata awiri osabwera ku banki, tinachita kupita kwawo. Sabata yachitatu m'mawa wina anapeza makina ake pakhonde, atakulungidwa m'thumba la feteleza, wabweretsa wakabaza amene anangoti anditumiza. Panalibe kalata, panalibe foni, lamba wake palibe ndipo kabokosi ka mabobini kanatsala komweko. Matilesi ndi firiji sizinabwere. Ndi mlamu wake wamkazi uja akakumana pa mpopi sapatsanabe moni. Lamba tinamugulira ife ku msika wa Taifa kuchokera mu ndalama ya ngozi ija, ndipo pano akusoka mayunifomu a sukulu, wanditengera kale oda ya awiri.